Makina Ayamba Kusinira, Nanga Nkhokwe Ikutheranji?



Ambiri a inu amene mukhala m'nyumba za magetsi mukumbukira mababu akale aja a galasi lopyapyala, amene ankatentha kotero kuti munthu sakanatha kuwagwira ndi dzanja ali ciyakire. Babu limodzi lotero linkadya mawati 60, lina 100, ndipo mbali yaikulu ya magetsiwo inkangothera m'kutentha, osati m'kuwala. Pambuyo pake kunabwera mababu atsopano, oyera mbee, amene amawala ngati lija la mawati 60 pomwe akudya mawati 9 okha kapena 10. Tonse tinati tsopano tapuma, ndalama ya magetsi idzatsika. Koma taonani zimene tinacita. Popeza babu silidyanso kwambiri, tinaika lina pakhonde, lina kuseri kwa nyumba, lina m'khola la nkhuku, ndipo ena timawasiya ciyakire mpaka mbandakuca. Babu lililonse likusinira ndithu, koma mayunitsi akuthabe mwezi usanathe.

Tayamba ndi nkhani ya babu cifukwa ndiyo khomo lapafupi lolowera m'nkhani yathu, imene ili ya makina aja oyankha mafunso, omasulira zinenero ndi ojambula zithunzi, amene ambiri amawacha AI, ndiye kuti nzeru zopangidwa ndi anthu. M'zaka zocepa zapitazi akatswiri apambana kwambiri pocititsa makinawa kuti azigwira nchito mwaliwiro ndiponso mosinira magetsi. Zimenezi n'zoona, ndipo n'zoyamikika. Komatu cinanso n'coona: magetsi amene makinawa akudya pa dziko lonse akungoculukiraculukira. Tifuna tiganizire pamodzi m'mene zinthu ziwirizi zingakhalire zoona nthawi imodzi, ndi cimene zitanthauza kwa ife ndi ana athu.

Kodi makinawa amacita ciani kwenikweni?

Mwana wanu akalemba funso pa foni nalandira yankho la ndime zisanu m'kamphindi, kumaoneka ngati kwina kwake kuli munthu wophunzira kwambiri amene wakhala pampando kudikira mafunso. Munthu kulibe. Funsolo limayenda pa intaneti kufika ku nyumba zikuluzikulu zodzala ndi makompyuta, zimene amazicha ma data centre, ndipo kumeneko mau onse amasandutsidwa manambala. Makinawo amaculukitsa manambala amenewa ndi manambala ena mabiliyoni ambiri amene anakonzedwa pa nthawi imene ankaphunzitsidwa, naphatikiza zotuluka zake, ndipo mapeto a masamu onsewo ndi liu limodzi lokha, kapena kacidutswa ka liu. Akatero amayambanso kufuna liu laciwiri, kenaka lacitatu, kufikira yankho litatha.

Motero maziko a zonsezi ndi masamu aja tinaphunzira tili ana, a kuculukitsa ndi kuphatikiza. Kusiyana kwake ndi kuculuka cabe. Ndipo samu iliyonse imadya kanthawi ndi kamagetsi. N'cifukwa cake amisiri a makinawa amavutika ndi mafunso awiri usana ndi usiku: tingacite bwanji masamuwa mofulumira, ndipo tingafike bwanji pa yankho lomwelo ndi masamu ocepa?

Kuti tione kutalika kwa ulendo umene wayendedwa, tikumbukire kompyuta yochuka ya ENIAC, imene inaonetsedwa kwa anthu mu 1946 pa yunivesite ya Pennsylvania ku America. Inkalemera matani oposa 25, inali ndi timababu ta galasi pafupifupi 18,000, inkadya mayunitsi 150 a magetsi pa ola limodzi, ndipo inkaphatikiza manambala maulendo 5,000 pa sekondi. Mu 1947 kunapangidwa transistor, kaswichi kakang'ono kamene kanalowa m'malo mwa timababu tija. Posakhalitsa amisiri anaphunzira kusindikiza matransistor ambiri pa kambale kamodzi kakang'ono ka silikoni kochedwa chip. Chip ya kampani ya Intel ya mu 1971 inali ndi matransistor 2,300. Chip ya H100, imene kampani ya Nvidia inatulutsa mu 2022, ili nawo mabiliyoni 80, ndipo ya Blackwell ya mu 2024 ili nawo mabiliyoni 208.

Kwa zaka zambiri njira ya liwiro inali yomweyo, ya kucepetsa matransistor kuti aculuke pa malo amodzi. Gordon Moore anaona mu 1965 kuti ciwerengero cawo cinkawirikiza kawiri caka ndi caka, ndipo mu 1975 anakonza mau ake nati zaka ziwiri zilizonse. Koma cinthu sicingacepe kosalekeza, ndipo matransistor akapanikizana kwambiri, kutentha kumakula. Pamene njira imeneyi inayamba kuvuta ndi kudula, anthu anafuna njira zina, ndipo ziwiri za izo ndizo zabala zipatso zimene tikuona lero.

Njira yoyamba: kulima mwa dima

Kompyuta wamba ili ndi anchito ocepa m'kati mwake, koma aluso kwambiri, odziwa kucita nchito ya mtundu uliwonse, imodzi ikatha inzake. Afanana ndi mlimi wamphamvu amene amalima, kudzala, kusema mpini ndi kufolera nyumba. Koma munda ukakula kwambiri, ndipo nchito yake ikakhala imodzi yokha, ya kupalira mzere ndi mzere, makolo athu sankadalira munthu mmodzi ngakhale akhale ngwazi. Ankaitana dima, mudzi wonse n'kubwera ndi makasu, aliyense n'kutenga mzere wake, ndipo dzuwa lisanapendeke munda watha.

Masamu a AI ali ngati munda wotero: ndi ophweka, ofanana, koma osawerengeka. Ndipo zinangocitika kuti chip yogwira nchito mwa dima inalipo kale, ngakhale kuti inapangidwira zina. Kampani ya Nvidia, imene inayamba mu 1993, inkapanga machip ochedwa GPU a masewero a pa kompyuta, pakuti cithunzi coyenda cimafuna kuti timadontho tambirimbiri tiwerengedwe nthawi imodzi. M'kati mwa GPU muli tianchito tambiri, kalikonse kodziwa zocepa, koma tonse togwira pamodzi.

Mu 2012 Alex Krizhevsky ndi Ilya Sutskever, pamodzi ndi mphunzitsi wawo Geoffrey Hinton pa yunivesite ya Toronto ku Canada, anatenga ma GPU awiri okha, a mtundu womwe anyamata ankagula m'masitolo kuti azisewera, naphunzitsa makina awo kuzindikira zinthu pa zithunzi zoposa miliyoni imodzi. Nchitoyo inatha m'masiku osafika sabata, ndipo pa mpikisano wa ImageNet wa caka cimeneco anasiya anzawo onse kutali. Kuyambira pamenepo aliyense anatembenukira ku dima. Kampani ya Google inapanga chip yakeyake yochedwa TPU, yosadziwa cina koma masamu a AI, niyamba kuigwiritsa nchito mu 2015. Lero m'nyumba imodzi ya makompyuta amalumikiza machip zikwi makumi ambiri kuti agwire nchito ngati thupi limodzi.

Pali cinanso cimene amisiri anazindikira, cimene mai aliyense wa kumudzi akucidziwa bwino. Nchito yophika nsima siitenga nthawi. Cimene cimatopetsa ndi kukatunga madzi kutali. M'kompyuta namonso, kunyamula manambala kucokera kumene asungidwa kufika kumene awerengedwa kumadya magetsi ambiri koposa samu yeniyeniyo, ndipo anchito a dima aja amangokhala manja lende podikira. Cotero machip atsopano amamangidwa ndi mosungira manambala mwawo pambali penipeni, mosanjikizana ngati nyumba ya nsanjika, monga munthu amene wakumba citsime pakhomo.

Njira yaciwiri: kusinira

Njira yaciwiri siili ya kupanga machip amphamvu koma ya kucepetsa nchito imene machipwo apatsidwa. Tichulepo nzeru zitatu.

Yoyamba ndi ya kuleka kuwerenga tizidutswa topanda pake. Mai wogulitsa nyemba pamsika sawerenga nyemba imodziimodzi; amayesa ndi kambale, ndipo wogula ndi wogulitsa onse amakhutira. Kale nambala iliyonse m'makinawa inkalembedwa mosamalitsa ndi tizizindikiro 32. Akatswiri anapeza kuti angathe kuilemba ndi 16, kenaka 8, ndipo pa nchito zambiri ngakhale 4, yankho osasintha kwenikweni. Nambala yaifupi imatenga malo ocepa, imanyamulika msanga, ndipo imadya magetsi ocepa.

Yaciwiri ndi ya kugawa nchito. Wodwala dzino akafika pa cipatala cacikulu, saitana madokotala onse kuti amuzungulire. Wolandira odwala amamulozera kwa wa mano, ena onse n'kupitiriza zawo. Makina oyamba ankadzutsa manambala awo onse pa liu lililonse. Ambiri atsopano agawidwa m'magulu ambiri, ndipo pa liu lililonse amadzuka magulu ocepa okha oyenera nchitoyo.

Yacitatu ndi ya mphunzitsi ndi wophunzira. Makina aakulu, odula, amagwiritsidwa nchito kuphunzitsa makina aang'ono, amene amatengera mayankhidwe a aakuluwo popanda kusenza katundu wawo yense. Geoffrey Hinton yemwe uja, ndi anzake awiri a ku Google, anafotokoza njira imeneyi mu 2015. Wophunzirayo safika pa mphunzitsi wake m'zonse, koma pa nchito za tsiku ndi tsiku amakwanira, ndipo amadya pang'ono.

Amene anaonetsa dziko mphamvu ya kusinira ndi kampani ya DeepSeek ya mu mzinda wa Hangzhou ku China. Kuyambira mu Okutobala 2022 boma la America linaletsa kugulitsa machip amphamvu koposa ku China, motero amisiri a kumeneko anatsala ndi machip ocepetsedwa mphamvu. Banja losowa ndilo limadziwa kusinira ndiwo. Mu Disembala 2024 iwo anatulutsa makina ochedwa DeepSeek-V3, okhala ndi manambala mabiliyoni 671, koma pa liu lililonse amadzuka mabiliyoni 37 okha. Ananena kuti anawaphunzitsa ndi machip 2,048, ndi kuti gawo lotsiriza la maphunzirowo linadya madola pafupifupi 5.6 miliyoni, osawerengera ndalama za kafukufuku woyamba ndi zoyesayesa zina. Ngakhale poganizira zimene sizinawerengedwezo, mtengo umenewu unadabwitsa anthu. Mu Januwale 2025 anatulutsanso ena ochedwa R1, ndipo pa 27 Januwale amalonda a ku New York anacita mantha, poganiza kuti machip odula sadzafunikanso. Tsiku limodzi lokhalo mtengo wa kampani ya Nvidia pa msika wa masheya unatsika ndi madola pafupifupi mabiliyoni 590.

Kutsika kwa mtengo sikunali kwa DeepSeek yokha. Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anawerengera kuti nchito imene mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, inkagulidwa madola 20, pofika Okutobala 2024 inkagulidwa masenti 7 okha: kutsika maulendo oposa 280 m'zaka ziwiri. Mu Ogasiti 2025 kampani ya Google inalengeza kuti magetsi a funso limodzi lolembedwa kwa makina ake a Gemini anatsika maulendo 33 m'caka cimodzi. Mwa kuwerengera kwa eni akewo, yuniti imodzi ya magetsi, yonga imene timagula ya m'nyumba, ingayankhe mafunso oposa 4,000.

Nanga nkhokwe ikutheranji?

Apa ndi pamene tibwerera ku babu lathu lija. Amalonda amene anacita mantha pa 27 Januwale anaganiza monga tinaganizira ife tsiku limene tinagula babu latsopano: cinthu cikayamba kudya pang'ono, cakudya cidzatsala. Sizinatero. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, mu Julaye 2025, Nvidia yomweyo inakhala kampani yoyamba pa dziko lapansi kufika pa mtengo wa madola mabiliyoni 4,000, cifukwa machip ake ankafunidwa koposa kale.

Zimenezi si zacilendo. Mu 1865 Mngelezi wina wodziwa za cuma, William Stanley Jevons, analemba buku lochedwa The Coal Question, lonena za malasha a pansi pa nthaka, onga aja amakumbidwa ku Maamba. Anthu a nthawi yake ankakhulupirira kuti popeza James Watt anali atakonza injini ya nthunzi yodya malasha ocepa, dziko la Britain lidzasunga malasha ake. Jevons anaonetsa kuti cinacitika n'cosiyana. Pamene injini inayamba kusinira, inachipa kuyendetsa. Itachipa, aliyense anaifuna, m'migodi, m'mafakitale a nsalu, m'sitima za pamtunda ndi za pamadzi. Ndipo malasha otenthedwa m'dziko lonse anaculuka kwambiri. Tikumbukire za mafoni athu: pamene kuimba kunali kodula tinkalankhula mau atatu n'kudula, kutachipa, kodi ndalama ya foni m'banja inacepa?

Ndi mmene zililinso ndi makinawa. Coyamba, ogwiritsa nchito aculuka: mu Okutobala 2025 eni ake a ChatGPT analengeza kuti anthu 800 miliyoni ankaigwiritsa nchito sabata iliyonse. Caciwiri, nchito zimene makinawa apatsidwa zakula. Kuyambira kumapeto kwa 2024 kwabwera makina amene asanayankhe amayamba alemba maganizo ataliatali mwa okha, monga mwana wa sukulu wocita samu papepala lapadera. Yankho limakhala labwinopo, koma masamu ake amaculuka kwambiri. Kupanga cithunzi kumadya koposa kulemba ndime, ndipo kupanga kanema kumadya koposa cithunzi. Cacitatu, makampani akapeza njira yosungira theka la magetsi, sazimitsa theka la makompyuta awo. Amapanga makina aakulu kuposa oyamba, pakuti aliyense akuopa kutsalira m'mbuyo mwa mnzake.

Bungwe la International Energy Agency, la ku Paris, linawerengera kuti mu 2024 nyumba za makompyuta za dziko lonse zinadya mayunitsi mabiliyoni 415, ndipo linati pofika 2030 zingafike pa mabiliyoni 945, kuposa pang'ono magetsi onse amene dziko la Japan limagwiritsa nchito pa caka. Kuti tikhale ndi poyerekeza, Zambia yense pa caka ca mvula yabwino amapanga mayunitsi pafupifupi mabiliyoni 20. Si onse magetsi a nyumbazo amene amapita ku AI, koma AI ndiyo ikukoka kwambiri kukwera kwake. Chip imodzi ya H100 ikamagwira nchito mwamphamvu imadya mpaka mawati 700, pafupifupi ngati nsimbi ya magetsi yosazimitsidwa usana ndi usiku. Tsono taganizirani nsimbi zotero zikwi makumi ambiri m'nyumba imodzi. Kutentha kwake kuyenera kuziziritsidwa, ndipo m'malo ambiri amaziziritsa ndi madzi. Njala ya magetsi yafika pakuti mu Sepitembala 2024 kampani ya Microsoft inapangana ndi eni ake a malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, amene anatsekedwa mu 2019, kuti atsegulidwenso ndi kuigulitsa magetsi kwa zaka 20. Walira mvula walira matope.

Pa 28 Januwale 2025, tsiku lotsatira mantha a amalonda aja, ku Vatican kunatuluka cikalata cochedwa Antiqua et Nova, conena za nzeru za munthu ndi nzeru za makina. Mwa zina, cikalataco cikumbutsa kuti ngakhale anthu amalankhula ngati zonsezi zimacitikira m'mitambo, kunsi kwake kuli makina enieni, nthambo zenizeni, magetsi ndi madzi enieni, zotengedwa pa dziko limodzi lomweli limene tonse tikhalamo. Ndi mau oyenera kuwasunga, pakuti foni ili m'dzanja siitulutsa utsi, ndipo n'kosavuta kuiwala kuti kwina kwake moto ukuyaka.

Kumene nkhaniyi itikhudza

Wina angafunse kuti: nanga ife a ku Chipata, a ku Katete, a ku Matero, zitikhudza bwanji za ku Hangzhou ndi ku Pennsylvania? Zitikhudza m'njira zitatu.

Yoyamba ndi ya mkuwa. Magetsi onsewa amayenda m'nthambo, ndipo nthambo zambiri ndi za mkuwa. Nyumba iliyonse ya makompyuta imene imangidwa kunja imafuna mkuwa wambiri, ndipo mu Africa dziko lathu ndi laciwiri pokumba mkuwa, pambuyo pa Congo. Mu 2024 kampani ya ku America ya KoBold Metals, imene imagwiritsa nchito AI yomweyi pofufuza miyala ya pansi, inalengeza za mkuwa woculuka pa Mingomba, kufupi ndi Chililabombwe. Tili m'malondawa kale, kaya tidziwe kaya tisadziwe. Funso lakale lija libweranso: mkuwa ukapita, cotsala pakhomo n'ciani?

Yaciwiri ndi ya magetsi athu. Sitinaiwale caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa nyanja ya Kariba, boma linalengeza tsoka la dziko mu Febuluwale, ndipo m'miyezi yotentha mabanja ambiri ankaona magetsi maola ocepa okha pa tsiku. Ometa tsitsi, owocherera zitsulo ndi a zigayo anakhala pansi. Ana ankawerenga ndi kandulo. Mbali yaikulu ya magetsi athu imacokera m'madzi, ndipo madzi amadalira mvula. Tsiku lina amalonda akadzabwera ndi mapulani omanga nyumba zazikulu za makompyuta m'dziko muno, tisadzawakane msanga, pakuti zingabweretse nchito ndi maphunziro. Koma tisadzaombenso m'manja tisanafunse. Magetsi ake adzacokera kuti? Kodi adzamanga awoawo a dzuwa, kapena adzatapa m'nkhokwe yomwe ikuperewera kale zipatala ndi masukulu? Madzi oziziritsira adzatungidwa pati? Akadzayankha kuti makina awo ndi osinira, tidzakumbukire babu.

Yacitatu ndi yokondweretsa, ndipo tisaibise. Kusinira ndiko khomo lokha limene makinawa angalowere kwa anthu osauka. Makina ofuna nyumba yonse ya makompyuta ndi intaneti yosaduka sangathandize mlimi wa ku Lundazi. Koma wophunzira wamng'ono uja, wa manambala aafupi, angakhale m'foni mwenimweni ndi kugwira nchito ngakhale kumene kulibe netiweki, foniyo itachajidwa ndi kasola ka padenga. Citsanzo cilipo kale. Mu 2018 yunivesite ya Penn State, pamodzi ndi bungwe la FAO, inatulutsa pulogalamu ya pa foni yochedwa Nuru, imene mlimi amalozetsa pa tsamba la cimanga kuti azindikire nchemberezandonda, kapena pa tsamba la cinangwa kuti adziwe matenda ake, popanda intaneti. Kuyambira mu 2023 ndi 2024 makampani monga Google, Samsung ndi Apple anayamba kuika timakina ta AI m'mafoni awo apamwamba. Mafoni otero ndi odula, koma zimene ziyamba pamwamba zimatsika ndi nthawi.

Tionjezepo kuti makinawa anaphunzira kwambiri m'Cingelezi, ndipo zinenero zonga zathu amazidziwa pang'ono. Liu la Cinyanja amaliduladula m'tizidutswa tambiri kuposa liu la Cingelezi, motero funso lomwelo m'cinenero cathu limafuna masamu ambiri, ndipo yankho lake kawirikawiri limatuluka lopunduka. Mtengo wa masamu ukatsika, cimodzi mwa zifukwa zonyalanyazira zinenero zazing'ono cimacoka. Kumatsala kufuna kwa anthu.

Cimene makina sangaticitire

Taona kuti amisiri angathe kucepetsa cakudya ca samu imodzi maulendo makumi ndi mazana. Cimene sangathe kuika mu chip ndi liu lakuti "zakwana". Limenelo limanenedwa ndi munthu: mwini kampani, nduna ya boma, kholo m'nyumba. Magetsi opulumutsidwa angapite kukazindikira matenda a cinangwa, angapitenso kukapanga zithunzi zabodza za anansi athu ndi makanema opanda pake osawerengeka. Makina sasankha pakati pa ziwirizi. Amangothamanga kumene awalozera.

M'mabanja mwathu tingayambe ndi zazing'ono. Mwana akabwera ndi yankho limene walandira m'masekondi atatu, timufunse ngati walimvetsa, ndi ngati waliyesa m'buku kapena kwa mphunzitsi wake, pakuti makinawa amalakwa, ndipo amalakwa ndi liwiro lomwelo ndi nkhope yomweyo imene amanenera zoona. Kuthamanga sikufika. Makina akatipulumutsira ola limodzi polemba kalata kapena powerengera ndalama za gulu, tidzifunse kumene ola limenelo lapita: kodi lapita kwa wodwala amene sitinamuone, kwa ana amene sitinaceze nawo, kapena labwerera m'foni momwemo? Ndipo pamisonkhano ya m'madera mwathu, aphungu ndi makhansala akabwera kudzalankhula za citukuko ca makompyuta, tisacite manyazi kufunsa mafunso aja a magetsi ndi madzi. Si mafunso a anthu osaphunzira. Akufunsidwanso ku Ireland, ku Virginia ndi kwina kumene nyumba zotere zaculuka.

Akatswiri amati ubongo wa munthu umagwira nchito yake yonse ndi mphamvu yonga ya mawati 20, ngati mababu awiri atsopano aja. Ndi mawati amenewo mwana amaphunzira cinenero ca amake asanakwane zaka zinai, agogo amakumbukira mibadwo isanu ya mtundu wawo, ndipo mai amadziwa kugawa ufa wa masiku atatu kuti ukwane sabata. Amisiri a machip akali kutali kuti afike pa kusinira kotero, ndipo ambiri a iwo amavomereza zimenezi poyera. Tiwafunire zabwino pa nchito yawo. Koma ife amene tinapatsidwa kale cipangizo cotere tisacileke cigonere cifukwa cakuti kwabwera cina cothamanga.

Usiku uno musanagone, tazungulirani nyumba muone mababu amene akuyaka popanda wowafuna, ndipo muwafotokozere ana cifukwa cake mukuwazimitsa. Tidzacezanso mwezi wa mawa.